Mfuti ya lever yotengera Winchester 1873 ikumakakamira potenga chipolopolo

Mdzukulu wa ku Dedza, Ruwa

Akuluakulu ndi abale nonse, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumazidziwa bwino mfuti za lever, zija zimene zimatenga chipolopolo munthu akatsitsa ndi kubweza chogwirira chapansi chotchedwa lever. Ndili ndi mfuti yaifupi ya mtundu wa carbine, yopangidwa ku Italy motengera Winchester ya 1873, ndipo pampope pake panalembedwa kuti .357 Magnum. Ndinaigula kwa munthu amene sanaigwiritse ntchito kwambiri, zachiphaso zonse zinadutsa ku Central Firearms Registry monga mwa lamulo, ndipo ntchito yake kwa ine ndi kuwombera chandamale kumalo owomberako a Cleveland ku Harare Loweruka likandilola.

Vuto lalikulu limabwera ndikaika zipolopolo za .38 Special, zimene ndimagula chifukwa n'zotsikirapo mtengo poyerekeza ndi za .357. Zimene ndili nazo pakadali pano ndi zamitu yopepuka ya 125 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa mutuwo). Ndikatsitsa lever, bolt, chitsulo chotseka kumbuyo kwa mpope, imabwerera m'mbuyo bwinobwino ndipo chigoba chimasololoka m'mpope, koma chakumapeto, pamene chitsulo chamkuwa chonyamula chipolopolo chiyenera kukwera, lever imangoti gwa, osafika pothera. Ndikasuzumira pamwamba ndimaona chipolopolo chimodzi chitagona m'chitsulo chamkuwacho, ndipo kutsogolo kwake thako la chipolopolo chachiwiri limakhala litatulukira kuchokera m'magazini, kampope kosungira zipolopolo kamene kali pansi pa mpope. Sizichitika nthawi zonse, koma zimachuluka magazini ikakhala yodzaza.

Chinanso n'chakuti ndikawombera za .38 kwa kanthawi kenaka n'kuika za .357, lever imalimba potseka, ndipo ndikawombera imalimbanso potsegula, mwakuti tsiku lina extractor, kambedza kosolola chigoba, inapulumuka pamlomo wa chigoba n'kuchisiya m'kati. Palinso nthawi zina pamene chigoba chimatuluka ndithu koma m'malo mouluka chimagwera pompo pamwamba pa mfuti n'kutchinga njira.

Mnzanga wina, amene ndi katswiri wa zowotcherera zitsulo, wandiuza kuti tipale ndi tupa kutsogolo kwa chitsulo chamkuwa chija kuti chisamakole. Ndisanavomere ndati ndiyambe ndafunsa kuno. Kodi mavutowa ali ndi gwero limodzi kapena ndi osiyana, nanga ndiyambire pati?

Mmisiri wa ku Msasa

Achimwene, tupa ija muisiye kaye m'bokosi. Zimene mwaona posuzumira pamwamba zalongosola kale vuto loyambalo, ndipo ine ndikuona kuti lili m'zipolopolo osati m'mfuti.

Tiyambe ndi mmene mfuti ya 1873 imagwirira ntchito, chifukwa ambiri amaisokoneza ndi mfuti za lever zimene zinabwera pambuyo pake. Chitsulo chamkuwa chimene mukunenacho chimatchedwa carrier, ndipo chimangoyenda chokwera ndi chotsika, osapendekeka. Chikakhala pansi, bowo lake limayang'anizana ndi magazini ndipo sipuling'i ya m'magazini imakankhiramo chipolopolo. Chikakwera, bowo lomwelo limayang'anizana ndi mpope, pamene nkhope yake yakutsogolo imatseka kukamwa kwa magazini. Chofunika kumvetsa n'chakuti mfuti imeneyi ilibe kachitsulo kapadera koimitsa chipolopolo chachiwiri pakhomo la magazini. Chimene chimaimitsa chachiwiricho ndi mutu wa chipolopolo choyamba. Choncho ngati choyamba chikudzaza carrier yonse, chachiwiri chimatsalira m'magazini, koma choyamba chikakhala chachifupi, malo otsalawo amalowamo thako la chachiwiri, ndipo carrier ikafuna kukwera imapeza chipolopolo chili theka m'kati, theka kunja.

Amene anaikonza mfutiyi anaipangira chipolopolo cha .44-40, chimene kutalika kwake konse kumafika pafupifupi mamilimita 40.4. Pambuyo pake anawonjezera .38-40 ndi .32-20, zimene kutalika kwake n'kofanana ndi komweko. Chipolopolo cha .38 Special chinabwera mu 1898 ndipo .357 Magnum inabwera mu 1935, zonse ziwiri zopangidwira mfuti zam'manja za revolver, zimene sizisamala kuti chipolopolo n'chachitali bwanji malinga chikwane. Mwamwayi .357 Magnum nayo imafika mamilimita 40.4, n'chifukwa chake opanga mfuti zotengera zakalezi masiku ano anaiona kuti ikugwirizana ndi carrier. Koma .38 Special malire ake ndi mamilimita 39.4, ndipo zamitu yopepuka monga zanuzo zimatsikira pansi kwambiri pa malirewo. Kutsogolo kwa carrier kuli kamtsetse kamene kamabwezera chipolopolo chachiwiri m'magazini ngati changotulukira pang'ono. Chikatulukira kupitirira kamtsetseko, m'pamene lever imauma. Owombera ambiri amapeza kuti mavuto amayamba chipolopolo chikachepera mamilimita 37, ngakhale mfuti zimasiyanako pang'ono. Kuti zimachuluka magazini ikadzaza n'zosadabwitsa, popeza nthawi imeneyo sipuling'i imakhala yopanikizika kwambiri ndipo kamtsetse kaja kamalimbana ndi mphamvu yochuluka.

Chimene ndingakupempheni n'chakuti mubwereke vernier, chida choyezera kutalika kwa tinthu ting'onoting'ono, muyeze zipolopolo zingapo za m'bokosi lanulo, kuyambira kuthako mpaka kunsonga, kenaka muyezenso za 158 grain ngati mungazipeze. Muyezenso zina zimene zinakhalapo m'magazini mukuwombera, chifukwa ngati mlomo wa chigoba sunagwire mutu mokwanira, kugunda kwa mfuti pamodzi ndi sipuling'i zimatha kukankhira mutuwo m'kati. Chipolopolo chotere chimafupika, ndiponso n'choopsa chifukwa malo a wonga achepa ndipo mphamvu yake powombera imakwera. Chimenecho musachiwombere.

Posankha zina, samalani ndi maonekedwe a mutu. Mtundu wa wadcutter, umene mutu wake umabisala m'chigoba, sungayende m'mfuti imeneyi ngakhale pang'ono. Wa semi-wadcutter uli ndi phewa lakuthwa limene limakonda kukola pakhomo la chamber, malo a kumbuyo kwa mpope amene chipolopolo chimakhalamo powombera. Woyenera ndi wozungulira m'mbali koma wafulati kunsonga, ndipo ufulatiwo ndi nkhani yachitetezo, pakuti m'magazini ya mpope zipolopolo zimandandalikana, nsonga ya china itagunda primer ya chinzake, kabatani ka pathako kamene kamayatsa wonga.

Ikakakamiranso musalimbane ndi lever. Lozetsani mfuti kumalo kosaopsa, chala chikhale kutali ndi trigger, ndipo ndi kamtengo kolimba kapena kachitsulo kamkuwa kankhirani chipolopolo chachiwiri kuti chibwerere m'magazini, mukugwira m'mphepete mwa thako lake osati pakati pamene pali primer. Mukatero carrier imakwera yokha popanda nkhondo.

Mayi wa ku Mufakose

Bambo a ku Ruwa, zimene anena a Mmisiri n'zoona, ndipo ine ndiyankhapo pa mavuto awiri otsalawo, chifukwa sagwirizana ndi kutalika kwa chipolopolo.

Kulimba kwa za .357 pambuyo pa za .38 kumachokera ku litsiro la m'chamber. Chigoba cha .38 Special n'chotalika mamilimita 29.3, pamene cha .357 Magnum n'chotalika mamilimita 32.8. Mukawombera chachifupicho, pamatsala mpata wa mamilimita atatu ndi theka pakati pa mlomo wa chigoba ndi pothera chamber, ndipo mumpata umenewo mumaunjikana mwaye wa wonga, phula lopakidwa kumutu wa chipolopolo ndi tizidutswa ta mtovu. Zimenezi zimapsa n'kuuma, n'kupanga mkombero wolimba. Chigoba chachitali chikalowa, mlomo wake umakwera pamkomberowo, n'chifukwa chake lever imalimba potseka. Powombera chigoba chimatupa n'kukanirira pa litsirolo, ndipo extractor, imene ndi kambedza kakang'ono pamwamba pa bolt, imapulumuka chifukwa mwaipatsa ntchito yoposa mphamvu zake. Tengani chigoba cha .357 chimene chinavuta kutuluka muchiyang'ane padzuwa. Kawirikawiri mudzaona mzere wakuda kapena timikwingwirima tozungulira pafupi ndi mlomo, pamalo enieni pamene chigoba cha .38 chimathera.

Kansalu konyowetsa mafuta sikachotsa mkombero umenewu. Pamafunika burashi yamkuwa yokulirapo pang'ono kuposa ya mpope, monga ya .40, pamodzi ndi mankhwala osungunula mwaye. Nyowetsani chamber, dikirani kuti mankhwala alowerere, kenaka muzunguze burashi m'chamber mokhamo osailowetsa m'mizere ya mpope. Popeza mfuti imeneyi nthawi zambiri imatsukidwa kuchokera kukamwa kwa mpope, tetezani kukamwako kuti ndodo isamakhule m'mphepete, chifukwa pakaperepeseka pamenepo mfuti imayamba kuphonya. Mukamaliza, tsukaninso pansi pa kambedza ka extractor ndi kampata kamene kambedzako kamalowamo pamwamba pa khomo la mpope. Litsiro likadzaza m'kampatako, kambedza sikatsika mokwanira kuti kagwire mlomo wa chigoba. Ine chizolowezi changa n'chakuti tsiku limene ndikufuna kuwombera mitundu yonse iwiri ndimayamba ndi za .357, n'kumalizira za .38, ndipo ndikafika kunyumba ndimatsuka chamber tsiku lomwelo.

Za chigoba chogwera pamwamba pa mfuti, pepani bambo, koma mwina vuto lili m'dzanja. Mfuti ya 1873 ilibe sipuling'i yoponyera chigoba kunja. Chimene chimachiponya ndi carrier yomwe ija pamene ikukwera n'kuchimenya chapansi. Mukatsitsa lever mwaulemu, pang'onopang'ono, carrier nayo imakwera mwaulemu ndipo chigoba chimangodumpha pang'ono n'kugweranso pomwepo. Ndipo munthu amene mfuti yamukakamirapo kangapo amayamba kuiopa, n'kumatsitsa lever monyengerera kapena kuibweza isanafike pothera, zimene zimabala vuto lina pamwamba pa loyamba. Lever imafuna kutsitsidwa mwamphamvu ndi kamodzi mpaka itagunda pothera, kenaka kubwezedwa mpaka itatsekeka. Izi mungaziyeserere kunyumba ndi zipolopolo zabodza zopanda wonga ndi primer, zenizeni mutazitsekera m'chipinda china.

Ndiwonjezereko za mafuta, chifukwa nyengo ya kuno imafuna nzeru ziwiri. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi la Harare limalowa paliponse, ndipo carrier yonyowa mafuta imasanduka phala lokhakhala limene limachedwetsa kutsika kwake. M'mbali mwa carrier muzingopukuta kuti muziwala, mafuta akhale ochepetsetsa. Koma nthawi ya dzinja m'kati mwa magazini mumagwira dzimbiri mwakachetechete chifukwa palibe amene amayang'anamo, ndipo dzimbiri limenelo limagwira sipuling'i ndi kachitsulo kokankha zipolopolo, makamaka pa zipolopolo ziwiri zomaliza pamene sipuling'i yatha mphamvu. Kamodzi pachaka tsegulani magazini, muitsuke ngati mmene mumatsukira mpope, n'kuisiya youma ndithu kupatula kachinyezi kamafuta.

Wachikulire wa ku Highfield

Mwana wanga, ine ndikugwirizana ndi onse awiri, koma sindikufuna kuti mutseke nkhani musanayang'ane masikuluu, chifukwa pa mfuti zimenezi sikuluu imodzi yokhwefuka imatha kuonetsa zizindikiro zofanana ndendende ndi za chipolopolo chachifupi.

Kumanja kwa mfuti kuli kachitseko kolowetsera zipolopolo. Kachitseko kameneka ndi sipuling'i pakokha, kamagwiridwa ndi sikuluu imodzi yaing'ono, ndipo kuseri kwake kuli kalilime kopindikira m'kati. Ntchito ya kalilimeko ndi kuimitsa thako la chipolopolo chimene chili mu carrier kuti chisapitirire m'mbuyo. Sikuluu ikakhwefuka, kapena kalilime kakapindika chifukwa chomenyedwa ndi zipolopolo kwa nthawi yaitali, chipolopolo choyamba chimabwerera m'mbuyo kuposa malo ake. Zotsatira zake n'ziwiri: thako lake limakola kumbuyo kwa njira ya carrier, ndipo kutsogolo kumatseguka mpata woti chachiwiri chilowerere, ngakhale zipolopolozo zikhale zazitali bwino. Choncho mukayeza ndi vernier n'kupeza kuti kutalika kuli bwino, pitani pa kachitsekoka. Kakanikizeni ndi chala muone ngati kakubwerera mwamphamvu n'kukhala molingana ndi khoma. Onaninso chipolopolo chomaliza kulowetsa, chifukwa nthawi zina chimagona mopingasa, thako litatsamira kukachitseko, ndipo chimafuna kuchikankha pang'ono kuti chiwongoke musanatsitse lever koyamba.

Pansi pa mfuti, kutsogolo kwa lever, kuli masikuluu awiri ogwira masipuling'i awiri afulati. Imodzi imagwira lever kuti isalendewere, inayo imakankha mkono umene umakweza ndi kutsitsa carrier. Sipuling'i yachiwiriyi ikafooka kapena sikuluu yake ikamasuka, carrier siikhazikika pamwamba kapena siitsika mpaka pansi, ndipo bolt imakumana nayo panjira. Muyeso wake ngwosavuta. Mfuti ili yopanda kanthu, tsitsani lever mpaka pothera, kenaka dinikizani carrier ndi chala. Iyenera kukana. Ikangotsika mosavuta, sipuling'i ija ili ndi mlandu. Pomanga masikuluuwa gwiritsani ntchito sikuludiraiva yolowa ndendende m'kamzere kake, chifukwa yapamsika yosongoka ija imatafuna mutu wa sikuluu n'kukanda chitsulo cha mfuti.

Ngati mufuna kuona m'kati, zivundikiro za m'mbali zimagwiridwa ndi sikuluu imodzi yopyoza mbali zonse ziwiri. Goneketsani mfuti pansalu musanazichotse, popeza timikono timene timatseka bolt sitimangidwa ndi kanthu ndipo timangogwa. Timikono timeneti timapindika pakati ngati bondo: lever ikatsekedwa timawongoka n'kuchirikiza bolt kumbuyo, lever ikatsika timapindika n'kuikoka. Tili tiwiri, kamanja ndi kamanzere, ndipo musatisinthanitse. Samalaninso ndi m'mphepete mwa chitsulo pamene zivundikiro zimakhala, pamacheka chala.

Tsopano kunena za tupa, chifukwa chimene ndikukanira ndi ichi. Kayendedwe ka mfuti imeneyi kamadalira kuti bolt ithe kubwerera m'mbuyo carrier isanayambe kukwera. Pansi pa nkhope ya bolt pali kalilime kena kakang'ono kochirikiza thako la chigoba. Carrier ikakwera msanga, kapena munthu akakakamiza lever itakakamira, kalilimeko kamathyoka ndipo mkono wokweza carrier umapindika. Zikatero mwagula vuto lofuna zipangizo zoitanitsa kunja, ndipo aliyense amene anayesapo kuitanitsa kachitsulo ka mfuti kuno akudziwa kutalika kwa njira yake. N'zoona kuti akatswiri ena amatalikitsa kamtsetse ka carrier kuti mfuti izilandira zipolopolo zazifupi, koma amadziwa pothera, chifukwa ukapitirira umabooleza njira ya chipolopolo, ndipo mkuwa wopalidwa subwereranso. Mnzanuyo angakhale waluso pa zitsulo, komabe ntchito ya m'kati mwa mfuti ipite kwa mmisiri wa mfuti wolembetsedwa, mogwirizana ndi Firearms Act. Muonenso zimene chiphaso chanu chikunena pa mtundu ndi kuchuluka kwa zipolopolo zimene mukuloledwa kusunga, musanakagule za mtundu wina.

Pena anthu amati mfuti ina ya Winchester, ya 1892, ilibe mavuto amenewa. Ili ndi ake. Imeneyo anaikonza ndi John Browning, ili ndi zitsulo ziwiri zokhoma bolt zimene n'zolimba kuposa timikono ta 1873, ndipo ili ndi kachitsulo koimitsa chipolopolo chachiwiri. Koma carrier yake imapendekeka, chipolopolo chimalowa m'chamber chokwera mtunda, ndipo zazifupi nthawi zina zimadumphira kunja kapena kuima chilili. Ya 1873 imalowetsa chipolopolo molunjika, n'chifukwa chake ikapatsidwa kutalika koyenera imayenda mofewa kuposa inzake. Chimene simuyenera kuchita ndi kuidyetsa zipolopolo zamphamvu yopyola muyezo wamba wa fakitale.

Mdzukulu wa ku Dedza, Ruwa

Zikomo kwambiri nonse, ndachita monga munandilangizira. Zipolopolo za 125 grain zija ndaziyeza ndipo zambiri zili pa mamilimita 36.3, pamene za 158 grain zamutu wafulati zimene ndapeza zili pa mamilimita 39. Zazitalizi zayenda magazini yonse popanda kukakamira. M'chamber munalidi mkombero wakuda umene unatenga nthawi kuti uchoke, ndipo zigoba za .357 tsopano zikutuluka mosavuta. Mayi, za dzanja zija ndayeserera ndi zipolopolo zabodza, ndipo zigoba zikuuluka kudutsa paphewa. Bambo a ku Highfield, sikuluu ya kachitseko inali yokhwefukadi pang'ono ndipo ndaimanga, kalilime kake n'kowongoka.

Chatsala n'chimodzi. Ndikamabweza lever pang'onopang'ono mfuti ili yopanda kanthu, ndimamva ngati bolt ikukhula pamwamba pa carrier isanatsike, ndipo pamkuwapo paoneka kamzere kowala. Ndikadinikiza carrier ndi chala monga munanenera, imakana ndithu. Kodi kukhulaku n'kwachibadwa, kapena ndi chiyambi cha vuto la kayendedwe lija?

Wachikulire wa ku Highfield

Zimadalira pamene kamzereko kali, mwana wanga. Bolt imadutsa m'kati mwa carrier pokankha chipolopolo, choncho kuwala pang'ono m'makoma a njirayo n'kwachibadwa pa mfuti imene sinayende kwambiri, ndipo kumaleka kukula zitsulo zikazolowerana. Pakanipo inki ya cholembera chakuda, muyendetse lever kangapo, muone pamene inkiyo yachoka. Ikachoka mofanana mbali zonse ziwiri, pitirizani kuwombera n'kumayang'anira. Koma ikachoka pamalo amodzi kumbuyo kwa carrier, pamene kalilime ka bolt kamadutsa, kapena mukaona tinyenyeswa ta mkuwa pansi, ndiye kuti carrier ikukwera msanga kapena siikufika pamwamba penipeni, mwina chifukwa mkono wake unapindika pang'ono nthawi imene lever inkakakamira. Pamenepo lekani kuigwiritsa ntchito, muitengere kwa mmisiri wa mfuti pamodzi ndi zipolopolo zabodza za kutalika kwa zimene mukuwombera tsopano, kuti akaikonze poyesera zimenezo.